Kayezedwe ka mtundu wa dzino loikirira

Munthu wa ku Thambani akathyoka dzino la kutsogolo nafuna kuti limatidwe kapena aikiridwe lina, ulendo wake suthera pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, koma umafika ku chipatala chachikulu cha boma la Mwanza, mwinanso mpaka ku chipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre. Pambuyo pa ulendo wodya ndalama chotero, dzino lotuluka loyera mbuu pakati pa anzake achikasu si vuto lochepa, pakuti mwini wake amayamba kuseka ataphimba pakamwa, ndipo kulikonzanso kumalira ulendo wina.

Mtundu wa dzino umachokera makamaka ku dentini, gawo lamkati lachikasu, lomwe limaonekera kudzera mu enamelo, chikuto cholimba chakunja chimene chimalola kuwala kudutsa pang'ono. N'chifukwa chake dzino limodzi lomwelo limakhala lachikasu kwambiri pafupi ndi nkhama kusiyana ndi kunsonga. Kuti dokotala wa mano ndi mmisiri woumba dzino amvane, amagwiritsa ntchito timano tachitsanzo tondanda pa kachitsulo, ndipo todziwika kwambiri ndi ta kampani ya VITA ya ku Germany, tomwe tilipo 16, kuyambira A1 mpaka D4. Chilembo chimatchula gulu la mtundu, pomwe nambala ikamakwera mtunduwo umanka nukhathamira.

Komabe diso la munthu limanyengeka msanga. Zinthu ziwiri zofanana pa kuwala kwa dzuwa zingasiyane pansi pa babu lamagetsi, chitenje chofiira chimene wodwala wafunda chimasokoneza maonekedwe a m'kamwa, ndipo dzino likauma chifukwa choyasamula nthawi yaitali limayera kuposa mmene lilili. Choncho mtundu umasankhidwa ntchito isanayambe, dzino lidakali lonyowa, pafupi ndi windo masana, woyezayo akuyang'ana masekondi owerengeka okha kuti maso asatope.

Njira yodalirika kwambiri ndi ya manambala. Mu 1976 bungwe loona za kuwala padziko lonse la CIE linakhazikitsa dongosolo lofotokoza mtundu uliwonse ndi manambala atatu: L akuimira kuwala kuyambira 0, kuda bii, mpaka 100, kuyera, a akuimira kupendekera ku kufiira kapena kubiriwira, ndipo b ku chikasu kapena buluu. Makina otchedwa spectrophotometer amawalitsa dzino ndi kuwerenga kuwala kobwerera, ndipo kusiyana kwa mitundu iwiri kumatuluka ngati nambala imodzi yotchedwa delta E. Kafukufuku amene Rade Paravina ndi anzake anasindikiza mu 2015 anapeza kuti theka la anthu limayamba kuona kusiyana nambalayo ikafika 1.2, ndipo theka limakana dzinolo ikafika 2.7.

Kuno ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina, chifukwa m'madera monga Nathenje ku Lilongwe madzi a m'mijigo ina ali ndi fuloraidi wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, malire amene bungwe la WHO linaika, ndipo mano a anthu okulira kumeneko amakhala ndi mawanga oyera kapena ofiirira omwe sapezeka pa timano tachitsanzo tija. Apa mmisiri amafunika kukhala ndi chithunzi chojambulidwa kadzino kachitsanzo katagundizidwa ndi dzino lenilenilo. Luso lotere liyenera kuphunzitsidwa mwakhama ku Kamuzu University of Health Sciences, kumene maphunziro a digiri ya udokotala wa mano, oyambitsidwa mu 2019 mogwirizana ndi University of Glasgow, akuchitikira, chifukwa makina oyezera aja ndi okwera mtengo, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zidalirabe diso lophunzitsidwa bwino.