Kutentha kwa dziko kukusokoneza tulo ta nyama zogona miyezi yambiri

Ku Alaska, ku Canada ndi kumapiri a ku America, nyengo yozizira ikafika nthaka imauma gwa, chipale chofewa chimakwirira udzu, ndipo chakudya chimasowa kwa miyezi yambiri. Nyama zina zoyamwitsa, monga zimbalangondo ndi agologolo okhala m'mauna, zimapulumuka pogona tulo tatitali mpaka kunja kutafunda. Zisanagone zimadya kwambiri n'kunenepa. Mafuta a m'thupiwo ndiwo nkhokwe yawo.

Tulo timeneti si tofanana ndi tathu. Chimbalangondo chakuda chikalowa m'phanga sichidya, sichimwa, sichikodza kwa miyezi ingapo. Mtima wake, umene umagunda ka 55 pa mphindi, umatsika kufika ka 14 kapena kucheperapo. Chodabwitsa, amayi anzanga, n'chakuti chachikazi chimaberekera m'phanga momwemo, mu Januwale kapena Febuluwale. Mwana amabadwa wosaona, wosakwana theka la kilogalamu, ndipo amayamwa mkaka wochokera ku mafuta amene mayi anasunga. Phangalo ndi chikuta chawo: ana amafunika kukhalamo mpaka atalimba.

Kusintha kwa nyengo kukusokoneza nthawi imeneyi. Ochita kafukufuku pafupi ndi tauni ya Durango ku Colorado anapeza kuti kuzizira kukachepa ndi digiri imodzi yokha, zimbalangondo zimafupikitsa tulo ndi masiku pafupifupi 6. Chimbalangondo chikakhala maso kutchire kulibe zipatso, chimapita kukafukula zinyalala kumakomo a anthu. Kumeneko zina zimagundidwa ndi galimoto, zina zimaphedwa chifukwa anthu akuziopa. Mayi akafa, ana aang'ono sakhalitsa.

Ku Alaska kuli agologolo amene thupi lawo limazizira kupitirira pamene madzi amaundana, koma osafa. Akatswiri anawatsatira kwa zaka 25, ndipo mu 2023 analengeza kuti aakazi tsopano akudzuka masiku pafupifupi 10 msanga, pamene aamuna sanasinthe. Ubwino ulipo, chifukwa nthaka ikafunda gologolo sawononga mafuta ambiri podziteteza ku chisanu. Koma zikapitirira, aakazi azidzatuluka aamuna asanakonzeke kubereka. Komanso gologolo akakhala panja masiku ochuluka, nkhandwe ndi ziwombankhanga zimamupeza mosavuta.

Kwina zinthu zatembenuka. Ku Alberta, m'dziko la Canada, agologolo a mtundu wina anayamba kudzuka mochedwa ndi masiku pafupifupi 10 pa zaka 20, chifukwa chipale chofewa chinkagwa mochedwa n'kuchedwanso kusungunuka. Agologolo amenewa amakhala panja miyezi itatu kapena inayi basi pachaka. M'miyezi yochepayo mayi ayenera kutenga bere, kubereka, kuyamwitsa, kenako kunenepanso asanagone. Masiku 10 akatayika, mayi ndi ana amalowa m'una nkhokwe isanadzaze, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anaonetsa kuti m'zaka zotere ofika chaka chotsatira amachepa.

Choncho vuto si kutentha kokha ayi. Vuto lalikulu n'lakuti nthawi yodzuka, nthawi yobereka ndi nthawi imene chakudya chimapezeka zasiya kukumana. Mlimi amene anabzala ndi mvula yoyamba, kenako ng'amba n'kuwotcha chimanga chitangomera, akudziwa kuwawa kwake. Iye amatha kubzalanso ngati mbewu yatsalako, pamene gologolo amabereka kamodzi kokha pachaka.

Gwero lake ndi limodzi kuno ndi uko: mpweya wochokera ku malasha, petulo ndi dizilo, ndiponso kutha kwa nkhalango. Madera ozungulira Arctic akutentha mofulumira kuposa dziko lonse, n'chifukwa chake akatswiri akupitiriza kulemba tsiku limene nyamazi zikutuluka m'mauna chaka ndi chaka.