Mankhwala a Matenda a Cisoni

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, tamverani. Pali cisoni cina cimene sicicoka msanga. Munthu amatha masabata ambiri wosakondwa, tulo osabwera, cakudya osamukomera, nchito osaifuna. Umenewu si ulesi kapena ufiti ai. Ndi matenda, ndipo amacizika.

Amodzi mwa mankhwala ake ndi amitriptyline, amene anabvomerezedwa ku America m'caka ca 1961. Amamwedwa usiku cifukwa amagonetsa tulo, ndiponso amaumitsa m'kamwa. Koma mphamvu yake imacedwa: wodwala amayamba kupepukidwa patapita masabata 2 kufikira 4. Cotero mulimbikitseni kuti asataye mtima, asalekenso kumwa popanda uphungu wa dotolo.

Ana inu, mapilisi amenewa musawakhudze konse. Owerengeka okha akhoza kupha mwana.