Mmene Mzamba Amaphunzirira Ntchito Yake

Ana inu ndi aphunzitsi anu, lero tili pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Tawoloka mlatho wa Luangwa, takwera mapiri, tapitirira Kacholola ndi Nyimba. Tisanafike pamphambano ya Petauke, tiyeni tipatuke tilowe ku Minga, m'dziko la Ansenga, kumene ansembe a Katolika anatsegula mishoni m'zaka za m'ma 1920, ndipo kuli chipatala. Pachipatala chotere pali munthu amene ambiri a inu munamuona tsiku loyamba la moyo wanu, koma simumukumbukira. Munthuyo ndi mzamba.

Kale mayi woyembekezera ankachirira m'chikuta, pamaso pa agogo a m'mudzi odziwa za uzamba. Agogowo tisawanyoze, pakuti makolo athu ambiri anabadwira m'manja mwawo. Anaphunzira poonerera akulu awo, ndipo pamene zonse zinali kuyenda bwino, nzeru zawo zinali zokwanira. Vuto linali pa tsiku limene zinthu zavuta: mwana wagona mopingasa, kapena mayi akutaya magazi osaleka. Pamenepo panalibe mankhwala, panalibe dokotala, ndipo ngolo ya ng'ombe sithamanga. Masiku ano boma limalimbikitsa kuti mayi aliyense achirire kuchipatala, ndipo ntchito ya azamba a m'midzi ndi kulangiza ndi kuperekeza.

Nanga mzamba wa kuchipatala amachokera kuti? M'chaka cha 1970 dziko la Zambia linakhazikitsa bungwe la General Nursing Council kuti liziyang'anira maphunziro ndi mayeso a anamwino ndi azamba. Potsatira lamulo la mu 2019, bungweli tsopano limatchedwa Nursing and Midwifery Council of Zambia. Kwa zaka zambiri munthu ankayamba waphunzira unamwino, kenaka n'kubwerera kusukulu chaka china kukaphunzira uzamba. Njirayi inali yabwino koma yochedwa, ndipo zipatala zazing'ono zambiri zinkakhala zopanda mzamba. Motero mu 2008 anatsegula njira yachiwiri, yoti wotsiriza giredi 12 alowe maphunziro a uzamba mosadzera ku unamwino. Kuno kum'mawa, sukulu imodzi yodziwika yophunzitsa anamwino ndi azamba ili pa chipatala cha St Francis ku Katete. Anyamata, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya atsikana okha: azamba aamuna aliponso.

Phunziro loyamba lingakuseketseni, chifukwa ndi kusamba m'manja. Koma mverani izi. Mu 1847, mumzinda wa Vienna, dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi othandizidwa ndi madokotala ankafa ambiri kuposa othandizidwa ndi azamba. Madokotalawo ankachokera kopima mitembo n'kudzagwira amayi ndi manja omwewo. Atawalamula kusamba ndi madzi a mankhwala a klorini, imfa zinachepa kwambiri. Anzake ambiri sanamukhulupirire. Lero wophunzira uzamba aliyense amayambira pomwepo.

Kenaka amaphunzitsa zala ndi makutu. Wophunzira amaika manja pamimba pa mayi mpaka atadziwa pamene pali mutu wa mwana ndi pamene pali msana. Amatenga kachipangizo kooneka ngati lipenga laling'ono, kotchedwa ndi dzina la dokotala wa ku France, Adolphe Pinard, n'kumvetsera mtima wa mwana amene sanabadwe. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi, koma wa mwanayo umagunda pakati pa 110 ndi 160. Ukatsika kapena kukwera kupitirira pamenepo, ndiye kuti mwana ali pa mavuto. Mzamba wosadziwa kuwerenga wotchi sangazindikire zimenezi.

Tikhalitse pang'ono pa pepala lina limene ine ndimaliona kukhala mtima wa maphunziro onsewa. Limatchedwa partograph, ndipo analikonza mu 1972 dokotala Hugh Philpott ndi mnzake, ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare. Lili ngati girafu ya m'buku lanu la masamu. Nthawi ya mayi ikakwana, mzamba amalembapo kugunda kwa mtima wa mwana pa theka la ola lililonse, kuthamanga kwa magazi a mayi, ndiponso mmene ulendo wa mwana ukupitira. Papepalapo pali mizere iwiri. Madontho akadutsa mzere woyamba, ndi chenjezo. Mzere wachiwiri uli maola anayi patsogolo, ndipo akafika pamenepo payenera kuchitika kanthu msanga. Maola anayi amenewo ndiwo mpata woitanira galimoto. Taganizani za mzamba amene ali yekha usiku pa kiliniki ya kutali m'boma la Nyimba, m'mwezi wa February, mitsinje itadzaza. Akatumiza mayi mochedwa, mayiyo angafere m'njira. Palibe dokotala womufunsa. Ali ndi pepalalo, wotchi, ndi zimene anaphunzira. Mu 2020 bungwe la World Health Organization linatulutsa pepala latsopano la ntchito yomweyi, motero ngakhale azamba akale amabwerera m'kalasi.

Pali zinanso zambiri. Amaphunzira kubaya jekeseni wa oxytocin woletsa kutaya magazi, ndi kudziwa kuti mayi akataya magazi okwana theka la lita, ngozi yayamba. Amayeserera pa chidole mmene angathandizire khanda losapuma m'mphindi yake yoyamba. Amaphunzira kuteteza mwana ku kachilombo ka HIV ndi kuteteza mayi ku malungo. Ndipo pali phunziro limene silivuta kulemba pa mayeso koma limavuta kuchita, la kulankhula mwaulemu. Mayi amene anakalipiridwa kusikelo sabwerako kawiri. Mwana wotsatira adzachirira kunyumba.

Kafukufuku wa boma anapeza kuti mu 2007, pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 591 ankamwalira. Pofika 2014 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 398. Amenewo akadali amayi ochuluka.

Aphunzitsi, phunziroli likatha, chitani ichi ndi ana. Pindani pepala lolimba likhale ngati chitoliro. Ana akhale awiriawiri, wina aike chitolirocho pachifuwa pa mnzake n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi, inu mukuyang'ana wotchi. Athamange kuzungulira bwalo kamodzi, awerengenso. Lembani manambala onse pabolodi, ndipo ana a giredi 6 ndi 7 ajambule girafu yake m'makope awo.