K150,000 pa esiteti ya fodya: ndi yambiri kapena yochepa?

Foni idalira cha m'ma 9 koloko usiku, ine nditalowa kale m'bulangete kuno ku Lilongwe. Adali mwana wa mlongo wanga, wa kwathu kwa Kaomba ku Kasungu. Mnyamatayu adakhoza bwino MSCE, koma adakhala pakhomo zaka ziwiri akuthandiza mayi ake kumunda. Mwezi wa November ndi pamene adapeza ntchito yake yoyamba, ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera pa boma.

"Amalume, pepani ndakuimbirani usiku. Ndimafuna ndifunse. K150,000 pamwezi ndi ndalama yabwino, kapena akundidyera masuku pamutu?"

Ndidamuyankha mosaganiza, ndipo ndikuvomera kuti ndidalakwitsa. Ndidati: "Iwe mphwanga, anzako angati amene unalemba nawo mayeso akuiona ndalama imeneyo? Ena akupalasa kabaza pa boma, ena angokhala. Gwira ntchito."

Adangoti "chabwino amalume," koma mawu ake adali a munthu wotopa kwambiri. Nditadula foni ndidazindikira kuti sindidamufunse funso ngakhale limodzi. Sindidafunse kuti amayamba nthawi yanji, amaweruka nthawi yanji, kapena kuti ukalalikiwo ukutanthauza chiyani. Ndidangomva nambala, n'kuiyerekeza ndi ulova, basi mlandu watha. Umu ndi mmene ambirife timayezera malipiro a ntchito yoyamba: timawayerekeza ndi kusakhala ndi kanthu, ndipo ndalama iliyonse imaoneka yaikulu ukaiika pafupi ndi ziro.

M'mawa mwake ndidamuimbiranso. Ndidamuuza kuti agule kope la kusukulu, azilemba tsiku lililonse nthawi yoyambira, nthawi yopuma, nthawi yowerukira ndi ntchito zimene wagwira. Achite zimenezi kwa masiku 30, osauza munthu aliyense. Iye ndi kalaliki, amachonga matikiti a anthu ena tsiku ndi tsiku, koma tikiti yake palibe amene amaichonga.

Nditapita kumudzi pakati pa mwezi wa March, tidakhala pansi pa mtengo wa mango n'kutsegula kopelo. Nthawi imeneyi ku Kasungu ndi yothyola fodya, ndipo amene adakhalako pa esiteti akudziwa kuti tsamba likapsa silidikira munthu. Mnyamatayu amafika pabwalo 5 koloko m'mawa kukaitana maina ndi kuthandiza kapitawo kugawa migwazo. Akatero amatsegula sitolo, kutulutsa zipangizo ndi kulemba aliyense amene watenga kanthu. Masana amazungulira m'zigafa kuwerenga fodya amene wasokedwa ndi kupachikidwa. Madzulo amachonga matikiti, kulandira zipangizo zija, kutseka sitolo, kenako kutumiza lipoti kwa bwana pa WhatsApp, ndi maunitsi ogula yekha. Loweruka amagawanso phoso. Lamulungu amapita m'mawa mpaka 10 koloko chifukwa makiyi a sitolo amasunga ndiye. Tchalitchi adasiya mu January.

Kunena zoona, pamenepa pali ntchito za anthu awiri, wa matikiti ndi wa sitolo, koma dzina ndi limodzi, malipironso ndi amodzi.

Tidawerengera. Kuchokera 5 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, kuchotsapo ola limodzi la nsima, ndi maola 12. Masiku 26 ogwira ntchito akupereka maola 312. Kuonjezapo maola asanuasanu a Lamulungu kanayi, onse akukwana 332. Mukagawa K150,000 ndi maola amenewa, ola limodzi likubwera pa K452.

Nambala imeneyi payokha sinena kanthu mpaka mutaiika pambali pa ina. Mu June 2025, boma lidaika malipiro ochepetsetsa a wantchito pa K126,000 pamwezi, kuchoka pa K90,000 ya mu February 2024. Ndalamayi imawerengedwa pa masiku 26, kutanthauza pafupifupi K4,846 patsiku, ndipo pa tsiku la maola asanu ndi atatu ndi K606 pa ola. Ndiye kuti mphwanga, amene pamwezi amaoneka kuti wapitirira malipiro ochepetsetsa ndi K24,000, pa ola amalandira zochepa kuposa wantchito wolandira malipiro ochepetsetsawo. Adayang'ana pakopepo nthawi yaitali, kenako adaseka, kuseka kopanda chimwemwe kuja.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 silibisa mawu pankhaniyi. Maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo munthu akagwira masiku asanu ndi limodzi otsatizana ayenera kupuma tsiku lathunthu. Maola oonjezera pa tsiku lantchito amalipiridwa kamodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopuma kapena la holide amalipiridwa kawiri. Titatenga K150,000 yomweyo ngati malipiro a maola 208 oyenera pamwezi, ola lake limakwana K721. Maola 104 oonjezera aja akadabweretsa K112,500, a Lamulungu pafupifupi K29,000. Ovataimu yokha ikadatsala pang'ono kufanana ndi salale yonse.

Apa ndi pamene mlongo wanga, amene amamvetsera akusenda maungu chapatali, adalowerera. "Achimwene, musamulowetse mwanayu m'mavuto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Akamuchotsa mudzamulemba ndinu?"

Sindidamutsutse. Mayiyu akudziwa chimene akunena. Pageti pa esiteti iliyonse pamakhala anyamata a satifiketi yomweyo amene angalandire makiyi a sitolo mawa lomwe pa ndalama yocheperapo. Lamulo lili m'buku, koma pa esiteti pamalamula ndi mzere wa anthu ofuna ntchito uja.

Komanso tiyenera kumumvera bwanayo. Ine ndidakulira m'fodya, bambo anga ankalima wa bale, ndipo ndikudziwa kuti mlimi wa fodya ndalama amaiona kamodzi pachaka. Kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthira feteleza, kuthyola, kusankha mpaka kudinda mabelo, ndalama imangotuluka. Msika umatsegulidwa cha mu April, ndipo akafika nawo mabelo ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mtengo sanena ndiye. Belo likhoza kubwezedwa. Ngati amalima pa kontirakiti, kampani imayamba yadula ngongole ya zipangizo iye asanaone kalikonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza, mafuta ndi mtengo wonyamulira mabelo zidakwera limodzi. Mu February ndi March, pamene ntchito yafika pakhosi, ndi pamenenso thumba la mlimi lili pepuu. Si bwana aliyense wosalipira ovataimu amene ndi wakuba. Ena ndalamayo alibedi mwezi umenewo.

Ndiye tidayesetsa kuchita chilungamo. Mphwanga amagona m'kachipinda ka pa esiteti osalipira lendi, ndipo amalandira ufa ndi nyemba. Tidagwirizana kuti zimenezi akanati azilipira yekha zikanamudyera pafupifupi K40,000 pamwezi. Tidaziphatikiza, zonse n'kukhala K190,000. Pa maola 332 aja, ola lidakwera kufika pa K572. Lidakali pansi pa K606, koma mpata wachepa. Msonkho wa PAYE sakudulidwa, poti mu April 2024 boma lidakweza ndalama yosadulidwa msonkho kufika pa K150,000, ndiye kumeneko kudalibe chochotsera. Chimene tidachotsa ndi maunitsi a lipoti la madzulo, ndi K8,000 imene adamudula mu January chifukwa cha makasu awiri amene adasowa m'sitolo tsiku limene makiyi adali ndi kapitawo.

Mfundo yamphamvu ya bwana ndi ina, ndipo mphwanga adaitchula yekha. Fodya ali ndi nyengo. Mabelo akatha kupita kumsika, cha mu August, ntchito imachepa, munthu amatha kuweruka dzuwa lili pamutu koma salale ili yomweyo. Lamulo limawerenga maola pasabata osati pachaka, komabe munthu wachilungamo akhoza kunena kuti thukuta la March limabwezedwa ndi mthunzi wa August. Ine ndidati ndikhoza kuivomera mfundoyi pokhapokha titadziwa chinthu chimodzi: kodi mu August adzakhala akadali pantchito?

Sadadziwe. Palibe kalata imene adasainira. Adangouzidwa pakamwa kuti "uyambe Lolemba, tiona mmene ugwirire."

Pamenepa ndi pamene padagona nkhani yonse, kuposa masamu aja. Ngati ntchitoyi ndi ya chaka chonse, K150,000 ndi nyumba ndi ufa ndi malipiro ochepa koma opiririka kwa munthu woyamba, makamaka kuti akuphunzira kusunga mabuku a sitolo, luso limene angapite nalo kwina. Ngati ndi ya nyengo yokha, kuti belo lomaliza likakwera lole adzamuuza kuti "tidzakuitana mvula ikayamba," ndiye kuti akugulitsa miyezi yowawitsitsa pa mtengo wa miyezi yofewa imene sadzaiona. Ndalama ndi yomweyo, koma mayankho ndi awiri. Nkhani ya penshoni nayo ili pomwepo: wantchito wokhazikika amayenera kusungiridwa 10 peresenti kuchokera kwa bwana, iye n'kuikapo 5 peresenti. Mphwanga mawu akuti penshoni adali asanawamvepo pa esiteti paja.

Kusalembera munthu kalata kuli ndi mbiri yake kwathu kuno. Tili ana tinkaona malole akutsitsa mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Mangochi, obwera kudzakhala matenanti m'maesiteti a Kasungu. Chaka chonse ankalandira chimanga, mchere ndi feteleza pangongole, malipiro n'kudikira kuti fodya agulitsidwe. Pa tsiku lowerengera, buku linkakhala m'manja mwa kalaliki, ndipo mabanja ena ankatsala ndi ndalama yosakwana n'komwe thiransipoti yobwerera kwawo. Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito lija. Koma chizolowezi chonena kuti "tidzaonana fodya akagulitsidwa" sichidathe ndi lamulo, chidangosamukira kwa antchito a pamwezi. Ndipo n'zomvetsa chisoni pang'ono kuti lero wogwira buku uja, amene matenanti ankamuopa, nayenso alibe pepala lomuteteza. Chikhalirecho lamulo limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza ntchito yake, malipiro ndi maola pasanathe mwezi chiyambireni.

Sindidamulangize kuti athamangire ku ofesi ya leba pa boma, ngakhale khomo lake ndi lotsegula ndipo pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations. Njira imeneyo ilipo, koma mnyamata wa miyezi inayi pantchito akaiyamba, nthawi zambiri amapambana mlandu ntchito itapita kale. Tidagwirizana kuti apite kwa bwana ndi kope lake, asatchule mawu akuti lamulo, apemphe zinthu zitatu zokha: kalata yonena ngati ntchitoyi ndi ya chaka chonse, Lamulungu lopuma, ndi kangachepe koonjezera pa miyezi yothyola ndi kusankha fodya, ngakhale atadzakalandira msika ukatsegulidwa, bola kalembedwe. Mayi ake adangopukusa mutu n'kulowa m'khitchini.

Adadikira sabata ziwiri, mantha. Tsiku limene adapita, akuti bwana adatenga kopelo n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba osayankhula. Funso loyamba lidali lakuti, "Wakuphunzitsa zimenezi ndani?" Iye adati, "Ndi ntchito imene munandipatsa bwana, yolemba maola a anthu. Ndinangolembako anga." Akuti bwana adaseka.

Lamulungu adamupatsa pomwepo. Makiyi tsopano amasinthana ndi kapitawo. Adamuonjezera K20,000 pamwezi kuyambira April mpaka fodya atatha kupita kumsika, ndalama yosafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo asanu a ovataimu tidawerengera ija. Za makasu aja sadabweze. Kalata adati alemba "zikakhala bwino."

Ndidamuimbira sabata yatha. Adali m'shedi, phokoso la jeke likumveka kumbuyo, akuwerenga mabelo opita ku Chinkhoma. Kalata ija sidatulukebe. Ndidamufunsa ngati tsopano akuona kuti ndalamayo ndi yoyenera.

"Amalume, mudzandifunse mu August," adatero. "Koma kope lija latha, ndagula lina."