Matanthauzo ndi Kagwiritsidwe ka Liwu la Chingerezi Loti 'Verge'

M'pepala lino tifuna kuonetsa kuti 'verge', ngakhale amalembedwa chimodzimodzi paliponse, ndi mawu awiri a magwero osiyana, ndi kuti olemba mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chichewa ayenera kusamala nawo.

Liwu loyamba ndi dzina. Lidachokera ku 'virga', liwu la Chilatini lotanthauza ndodo, ndipo lidalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa. Kale ku England ndodo idali chizindikiro cha udindo. N'chifukwa chake wantchito wa m'tchalitchi wonyamula ndodo amatchedwa 'verger'. Dera la mamailosi 12 kuzungulira pamene padali mfumu, momwe kapitawo wa nyumba yachifumu ankaweruzamo milandu, linkatchedwanso 'verge'. Kuchokera pa deralo, tanthauzo lidasunthira ku malire ake, kenaka ku mphepete ya chinthu chilichonse. Motero ku Britain kapinga wa m'mbali mwa msewu amati 'grass verge'.

Liwu lachiwiri ndi mneni wochokera ku 'vergere', kutanthauza kupendekera mbali ina. Abale ake ndi 'converge', kukumana, ndi 'diverge', kupatukana. Popeza mawu awiriwa amamveka mofanana, matanthauzo awo adalowana, kotero kuti womva 'it verges on theft' amaganiza za malire ndi kupendekera nthawi imodzi: mchitidwewo sudafike pa kuba, koma ukulowera komweko.

Chichewa sichisonkhanitsa zonsezi m'liwu limodzi. Ponena za malo timagwiritsa ntchito dzina: "m'mphepete mwa msewu". Ponena za chinthu chimene chili pafupi kuchitika, monga mu 'on the verge of tears', timagwiritsa ntchito mneni: "watsala pang'ono kulira". Ponena za mchitidwe timati "sikusiyana kwenikweni ndi kuba". Liwu loti "pafupi" ndilo limayesako kugwira malo ndi nthawi yomwe, monga "pafupi ndi mtsinje" ndi "ali pafupi kufa".

Womasulira wolemba kuti "ali m'mphepete mwa kulira" waveka Chingerezi mawu a Chichewa, ndipo ziganizo zotere zikalowa m'mabuku a sukulu zimavuta kuzizula. Choncho tikupempha kuti mu mtanthauziramawu 'verge' alembedwe kawiri, dzina palokha ndi mneni payekha, ndipo tanthauzo lililonse likhale ndi chiganizo chachitsanzo cha Chichewa chenicheni.