Chisanu chikafika ku Italy: nkhuni kapena utuchi?

Mwezi wa Okutobala ukakwana, pamene kuno kumudzi anthu amakhala akusakasaka mthunzi pothawa dzuwa, m'midzi ya m'mapiri a kumpoto kwa dziko la Italy nkhani imakhala ina.

Kumeneko masamba a mitengo amakhala atayamba kuyoyoka, dzuwa likulowa msanga, ndipo banja lililonse limayamba kuwerengera m'thumba kuti chisanu chikubweracho lichipulumuka bwanji.

Chisanu chake si cha ku Dedza kapena ku Mzuzu chomwe munthu amachithawa ndi bulangete. M'madera monga Belluno ndi Trentino, usiku wa mu Januwale kuzizira kumafika madigiri 10 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa apo. Madzi amauma gwa m'mipope. Nyumba yopanda moto imatha kupha nkhalamba kapena khanda.

Nchifukwa chake mbaula yotenthetsera m'nyumba si nkhani yamasewera. Mabanja ambiri omwe safuna kudalira gasi yekha amasankha pakati pa mbaula ziwiri: ya nkhuni yomwe makolo awo adaisiya, ndi yamakono yomwe imayaka ndi timibulu ta utuchi totchedwa mapeleti.

Mbaula zake n'zotani?

Mbaula ya nkhuni ya kumeneko ndi chibokosi chachitsulo chokhala ndi chitseko cha galasi komanso chumuni yotulutsira utsi padenga. Nzeru yotsekera moto m'chitsulo ndi yakale ndithu. Ku America, Benjamin Franklin adapanga yake cha m'ma 1742 ataona kuti moto wa pamtetete umataya kutentha kwambiri kudzera m'chumuni.

Ntchito yake ndi yodziwika: munthu amawaza nkhuni, kuziunjika, kuzitutira m'nyumba, kukoleza moto, kenako n'kumasonkhezera pakapita ola limodzi kapena awiri.

Mbaula ya mapeleti ndi yadzulodzuloli. Idatulukira m'chigawo cha Washington ku America m'zaka za m'ma 1980, ndipo amene amatchuka nayo ndi Jerry Whitfield, injiniya yemwe ankagwira ntchito kukampani yopanga ndege ya Boeing. Apa n'kuti mavuto a mafuta a mu 1973 atatsegula anthu m'maso kuti azisaka njira zina zotenthetsera nyumba.

Mapeleti amapangidwa kuchokera ku utuchi wa kumacheka. Utuchiwo amauumitsa, n'kuukanikiza mwamphamvu m'makina okhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Kutentha kwa kukanikizako kumasungunula utomoni wa mu mtengo womwewo, ndipo ndi umene umamata timibuluto popanda guluu. Timatuluka tonenepa mamilimita 6, ngati chakudya cha nkhuku cha m'sitolo.

Mwini nyumba amakhuthulira mapeletiwo m'kankhokwe komwe kali pamwamba pa mbaulayo. Kachitsulo kopiringizika ngati sikuluwu kamagwetsera timibuluto pamoto pang'onopang'ono, fani ina n'kumapemerera, ina n'kumakankhira mpweya wotentha m'chipinda. Zonsezi amayendetsa ndi kakompyuta ka mkati. Munthu amatha kuitchera kuti iyake yokha 5 koloko m'mawa kuti ana akamadzuka apeze m'nyumba muli phuliphuli.

Madzi ndiwo mdani

Kusiyana kwakukulu kwa nkhuni ndi mapeleti kwagona pa madzi. Mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Ukauponya pamoto, mphamvu yambiri imathera kuumitsa madziwo m'malo motenthetsa nyumba, ndipo chimatuluka ndi chiutsi chokhachokha.

Kuti nkhuni ziyake bwino, madzi ake ayenera kutsika kufika pa magawo 20 pa 100 aliwonse. Kwa mitengo yolimba ya kumeneko, izi zimatenga chaka chimodzi mpaka ziwiri nkhunizo zili pashedi. Ndiye kuti nkhuni zomwe banja likuotha chaka chino zidadulidwa chaka chatha kapena dzana lake.

Mapeleti abwino, omwe amakhala ndi chizindikiro cha ENplus A1 pathumba, madzi ake saposa magawo 10 pa 100, ndipo phulusa lake silifika ngakhale gawo limodzi pa 100. Thumba limodzi la makilogalamu 15 limakhala ndi kutentha kofanana ndi mayunitsi a magetsi pafupifupi 70.

Mbaula ya mapeleti imathanso kusunga kutentha m'nyumba kuposa inzakeyo. Pa magawo 100 a kutentha kwa moto wake, pafupifupi 90 amatsalira m'nyumba. Ya nkhuni yamakono imasunga pakati pa 70 ndi 80, pamene moto wa pamtetete wachikale umataya ochuluka m'chumuni.

Kwa banja lomwe bambo ndi mayi onse amalawirira kuntchito, kapena kwa gogo yemwe msana sukumulolanso kugwira nkhwangwa, apa mpikisano palibe. Nchifukwa chake Italy idasanduka msika waukulu wa mbaula za mapeleti ku Ulaya, ndipo chaka cha 2022 chisanafike dzikolo linkaotcha matani oposa 3 miliyoni a mapeleti pachaka.

Walira mvula walira matope

Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mbaula yodziyatsa yokhayi singayake popanda magetsi. Imadya ochepa, pafupifupi mawati 100 ikamayaka ndi 300 kapena 400 poyatsa, koma magetsi akangothima sikuluwu ija imaima, mafani amaima, moto n'kuzima. Munthu amatsala akunjenjemera matumba a mapeleti ali mbwee pakona.

Anthu a m'mapiri a kumpoto cha kum'mawa kwa Italy adaziona izi pa 29 Okutobala 2018, pamene namondwe wotchedwa Vaia adawomba ndi mphepo yofika liwiro la makilomita 200 pa ola m'malo ena. Mitengo mamiliyoni ambiri idagwa usiku umodzi, mapolo ndi mawaya a magetsi adaduka, ndipo midzi ina idakhala mumdima kwa masiku angapo.

M'masiku amenewo mbaula ya nkhuni, ija ena ankaiona ngati yachikale, ndiyo idasunga mabanja. Idatenthetsa nyumba, idawiritsa madzi, ndipo pamwamba pake padaphikidwa chakudya. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Palinso nkhani ya kukonza. Mbaula ya nkhuni ilibe chambiri chomwe chingaonongeke, ndipo yosamalidwa bwino imatha zaka makumimakumi. Ya mapeleti ili ndi mota, mafani, kachitsulo koyatsira moto ndi kakompyuta, ndipo chimodzi chikafa pamafunika mmisiri. Pogula nayonso nthawi zambiri imadula kuposa ya nkhuni. Enanso amadandaula ndi phokoso la fani lomwe silitha usiku wonse.

Nkhondo idakweza mtengo wa thumba

Vuto lachiwiri lidaonekera mu 2022. Dziko la Russia litathira nkhondo dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale chaka chimenecho, mtengo wa gasi udakwera modetsa nkhawa. Panthawiyo Italy inkagula ku Russia pafupifupi magawo 40 pa 100 a gasi yemwe inkaitanitsa kunja.

Mabanja ambiri adathamangira kukagula mbaula za mapeleti pothawa bilu ya gasi. Tsoka ilo, nthawi yomweyo bungwe la European Union lidaletsa kugula matabwa ndi mapeleti kuchokera ku Russia ndi Belarus, maiko omwe ankagulitsa ambiri ku Ulaya. Ogula adachuluka, katundu n'kuchepa.

Thumba la makilogalamu 15, lomwe mu 2021 linkagulidwa ma euro anayi kapena asanu, lidafika pa ma euro 10, kwina kuposa apo, chisanu cha 2022 chisanayambe n'komwe. Banja lomwe limatha matani awiri pa chisanu chimodzi limafuna matumba oposa 130. Ndiye kuti ndalama yomwe inali pafupifupi ma euro 600 idadumpha kufika pa 1,300.

Apa mpamene zidaonekera poyera kuti Italy, ngakhale ili ndi nkhalango zambiri, mapeleti ake ochuluka imachita kugula kunja, monga ku Austria. Boma lidalowererapo potsitsa msonkho wa VAT pa mapeleti kuchoka pa 22 kufika pa 10 peresenti m'chaka cha 2023, ndipo mitengo idayamba kutsika m'chaka chomwecho. Komabe phunziro lidatsala: mapeleti sungatole kutchire, umachita kudikira fakitale ndi lole.

Wa nkhuni naye adaona kukwera kwa mitengo, koma amene ali ndi kankhalango kake sadagwedezeke kwenikweni. M'midzi yambiri ya m'mapiri muli mwambo wakale woti mbadwa za m'mudzimo zimapatsidwa gawo la nkhuni kuchokera m'nkhalango ya onse. M'chigwa cha Fiemme, gulu loyang'anira nkhalango ya anthu a m'deralo, la Magnifica Comunità di Fiemme, mbiri yake idayambira mu 1111 ndipo lilipobe mpaka lero.

Utsi umapha mwakachetechete

Nanga ngati nkhuni n'zodalirika chotere, bwanji boma likuzifinya? Yankho lake ndi utsi.

Chigwa cha mtsinje wa Po, momwe muli mizinda ya Milan ndi Turin, chidazunguliridwa ndi mapiri. Nthawi ya chisanu mphepo siyenda, choncho utsi wa m'nyumba, wa galimoto ndi wa m'mafakitale umangoti bii pamwamba pa mizinda kwa masiku ambiri. Mu utsi wa nkhuni muli tifumbi tosaoneka ndi maso tomwe timalowa mpaka mkati mwa mapapo ndi m'magazi, n'kuyambitsa mphumu, matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo.

Mu Novembala 2020 khothi lalikulu la European Union lidagamula kuti Italy idakhala ikuphwanya malamulo a ukhondo wa mpweya kwa zaka zambiri. Izi zisanachitike, mu 2017, zigawo zinayi za Lombardy, Piedmont, Veneto ndi Emilia-Romagna zidasainirana pangano ndi boma lothana ndi vutoli.

Chaka chomwecho mbaula zidayamba kupatsidwa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, malinga ndi kuchepa kwa utsi wake. Ku Lombardy, kuyambira mu 2020, munthu saloledwa kuika mbaula yatsopano yosafika nyenyezi zinayi, ndipo yakale yosafika nyenyezi zitatu saloledwa kuiyatsa.

Nalo lamulo la European Union lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2022 lidaika malire pa mbaula zatsopano. Ya nkhuni yotseka isapose mamiligalamu 40 a tifumbi tija pa kiyubiki mita iliyonse ya utsi, pamene ya mapeleti malire ake ndi 20. Pofuna kulimbikitsa anthu kutaya mbaula zakale, boma la Italy lidakhazikitsa thumba la Conto Termico lobwezera munthu gawo la ndalama zomwe wagulira mbaula yabwino, mpaka magawo 65 pa 100.

Nawo Amalawi omwe ali ku England lamulo langati limeneli lidawapeza. Kuyambira mu Meyi 2021 masitolo a kumeneko saloledwa kugulitsa nkhuni zaziwisi m'timitolo ting'onoting'ono. Angerezi amakumbukira chiutsi cha malasha chomwe chidakuta mzinda wa London mu Disembala 1952 n'kupha anthu osachepera 4,000.

Ngozi sisankha mbaula

Mbaula zonse ziwiri zimafuna chisamaliro. Nkhuni zaziwisi zimasiya mwaye wamafuta m'chumuni, ndipo mwayewo ukachuluka umagwira moto n'kuotcha denga. Nchifukwa chake chumuni imayenera kusesedwa chaka ndi chaka. Ya mapeleti nayo imafuna kuchotsedwa phulusa pafupipafupi, ndipo matumba ake asamakhale pachinyontho chifukwa akanyowa amafufuma n'kubwerera kukhala utuchi.

Choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka komanso sununkha. Chumuni ikatsekeka kapena ikang'aluka, mpweyawu umabwerera m'nyumba n'kupha anthu ali m'tulo. Ndi mpweya womwewu umene umapha anthu kuno akalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chotseka mu Juni ndi Julayi. Ku Ulaya mabanja ambiri amapachika kachipangizo komwe kamalira mpweyawu ukachuluka.

Nzeru ya mapeleti idafikanso kufupi ndi kwathu kuno, ngakhale kuti ntchito yake ndi yophikira. Ku Zambia kampani ya SupaMoto idayamba kupanga mapeleti kuchokera ku utuchi n'kumagulitsa pamodzi ndi mbaula zake kwa mabanja a m'tauni omwe ankadalira makala. Aliyense amene adaonapo milu ya utuchi ku Chikangawa atha kudziwa kuti chopangira chilipo.

Tsono yabwino ndi iti?

Wokhala m'tauni, wopanda shedi younjikamo nkhuni, yemwe magetsi sathimathima kwawo, mbaula ya mapeleti imamukomera ndipo anansi ake amapuma mpweya wabwinoko. Wokhala kumapiri, yemwe nkhalango ili kuseri kwa nyumba ndipo mphamvu zowazira akadali nazo, nkhuni zouma bwino m'mbaula yamakono zimamutsikira mtengo komanso sizimusiya m'madzi magetsi akathima.

Mabanja ena adaganiza zosasankha n'komwe. Pabalaza amaikapo ya mapeleti yoyaka tsiku ndi tsiku, koma kukhitchini sadachotse chitofu chankhuni cha agogo, ndipo kuseri kwa nyumba mulu wa nkhuni umakhala uli pomwepo kudikira tsiku lomwe mawaya adzadukenso.