Zala zimaphunzira pensulo isanabwere

Ku Palabana, m'boma la Chongwe ku Zambia, kumadziwika ndi ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo aliyense amene anakamapo ng'ombe akudziwa kuti zala zimachita kuzolowera ntchito. N'chifukwa chake ndimadabwa makolo akamakalipira mwana wa zaka zitatu kuti akulephera kulemba dzina lake.

Mphamvu zoyendetsa mkono zimayambira paphewa, n'kutsikira pachigongono, kenako n'kufika kuzala. Khanda limafumbata chinthu ndi dzanja lonse. Likamayandikira chaka chimodzi limayamba kutola tinthu ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Kugwira bwino pensulo ndi zala zitatu kumabwera mwana akafika zaka 4 kapena 5, ena mochedwerapo.

Chiyambire 2022 maphunziro m'sukulu za boma ku Zambia ndi aulere kuyambira kumkaka, koma mphunzitsi mmodzi sangagwire dzanja la mwana aliyense. Zambiri zimachitikira pakhomo. Musiyeni mwana aswe mtedza, atonole chimanga, amange yekha mabatani ngakhale muchedwe kutchalitchi. Kuumba ting'ombe tadothi ndimakuika patsogolo, chifukwa kufinya ndi kutsina dongo kumalimbitsa timinofu ta m'chikhato tomwe adzalembere. Masewera a chiyato nawo amaphunzitsa diso ndi dzanja kuyendera limodzi. Foni ndilibe nayo chikhulupiriro: chala chimodzi chimangotsetsereka pagalasi, zinazo zili phee.

Chenjezo langa ndi la kusewera ndi nyemba ndi mikanda. Wosakwana zaka zitatu amaziika m'kamwa kapena m'mphuno, choncho wamkulu asachoke pafupi.